720 KB, 1.44 MB kapena 1.68 MB: disiketi yoyenera makina anu ndi iti?

Disiketi (floppy disk) imodzi yomweyo ya mainchesi 3.5, ya mtundu wa DD (double density), imanyamula 720 KB mukaifomata pa kompyuta ya IBM kapena ina yotengera IBM, 800 KB pa Macintosh yakale, ndi 880 KB pa kompyuta ya Amiga. Pulasitiki ndi yomweyo, utoto wa maginito umene anapaka pamwamba pake ndi womwewo. Chasintha ndi kalembedwe ka makina basi. Aliyense amene akufuna kugula madisiketi lero ayambe wamvetsa zimenezi, chifukwa nambala ya pa bokosi sindiyo imalamula. Amalamula ndi makina amene disiketiyo ikalowemo.

Ogula alipobe. Makiyibodi a Yamaha, Korg ndi Roland a m'zaka za m'ma 1990 akuimbabe m'matchalitchi ndi m'mabandi, ndipo masitayelo ndi nyimbo za MIDI amazilandirira pa disiketi. Makina akale opeta mabaji a yunifolomu, monga a Tajima ndi Barudan, amatengera mapatani pomwepo. Palinso anthu amene ali ndi katoni ya madisiketi a makolo awo kapena a ofesi, m'mene muli makalata ndi malipoti osapezeka kwina kulikonse. Kampani ya Sony inasiya kupanga madisiketi mu Marichi 2011, ndipo boma la Japan linathetsa malamulo ofuna kuti zikalata ziziperekedwa pa disiketi mu 2024. Ndiye disiketi iliyonse imene mungagule, ngakhale ili m'pepala losatsegula, ndi yakale. Kusankha molakwika kumawononga katundu amene sakubweranso.

Zoyenera kuyeza musanatulutse ndalama

Funso lotsogolera ndi lakuti: makina anga amawerenga kalembedwe kotani? Yankho lili m'buku la makinawo, pa chitseko cha drive (chipangizo cholowetsamo disiketi), kapena pa disiketi imene inabwera nawo. Mukapeza yankho, njira zambiri zagwa kale.

Kenako pali miyeso inayi. Mtengo, osati wa disiketi yokha koma pamodzi ndi drive, zingwe ndi china chilichonse chofunika kuti mafayilo afike pa kompyuta ya masiku ano. Kupezeka kwa zinthu zonsezo. Kasamalidwe, kutanthauza ntchito imene idzakhala pa inu mwezi ndi mwezi. Ndi zoopsa, makamaka kuti kalembedweko kamasiya mpata wochuluka bwanji woti makina alakwitse pang'ono popanda kuononga fayilo. Kwa ine muyeso wotsirizawu ndiwo waukulu, ndipo sungamveke osadziwa kumene malo a pa disiketi amachokera.

Kumene malo amachokera

Makina akamafomata disiketi amajambula mizere yozungulira, wina mkati mwa unzake, ndipo mzere uliwonse amaudula m'zigawo. Kuwerengera kwake n'kosavuta: mbali za disiketi, kuchulukitsa ndi mizere, ndi zigawo, ndi mabayiti a m'chigawo chimodzi. Mbali 2, mizere 80, zigawo 9, mabayiti 512 zimapereka 737,280, amene ndi 720 KB. Zigawo zikakhala 18, monga pa disiketi ya mtundu wa HD (high density), timapeza 1,474,560, amene ndi 1,440 KB, ndipo amalonda anangolemba kuti 1.44 MB.

Mlimi amene munda wake sungakule ali ndi njira zowerengeka zowonjezera zokolola: kuyandikizitsa mizere, kuyandikizitsa mapando, kuchepetsa tinjira todutsamo, kapena kubzala mapando ambiri m'mizere italiitali. Opanga madisiketi anayesa njira zonsezi, ndipo iliyonse inali ndi mtengo wake.

Anayamba ndi mbali ndi mizere. Kompyuta ya IBM ya 1981 inkalemba mbali imodzi ya disiketi ya mainchesi 5.25, mizere 40, zigawo 8, zonse 160 KB. Atayamba kulemba mbali zonse inafika 320 KB, ndipo DOS 2.0 ya 1983, pulogalamu yoyendetsa kompyutayo, inawonjezera chigawo chachisanu ndi chinayi n'kufika 360 KB. Pambuyo pake mizere inachoka pa 48 pa inchi kufika 96, ndipo pa disiketi ya 3.5 inafika 135 pa inchi. Koma chiwerengero chinaima pa 80. Chifukwa chake n'chakuti mota yosuntha mutu wowerengera imayenda mosaona: imawerenga masitepe n'kukhulupirira kuti yafika. Pulasitiki nayo imafufuma ndi kunyala malinga ndi kutentha ndi chinyezi. Mizere ikayandikana kwambiri, mutu ungaphonye. Disiketi ya LS-120 inafika 120 MB chifukwa inali ndi zizindikiro zimene kuwala kwa laser kunkatsata, choncho mutu sunkayendanso mongoganizira.

Njira yachiwiri ndi kupanikiza mabiti mumzere. Disiketi ya 3.5 imazungulira maulendo 300 pa mphindi, ndiye ulendo umodzi umatenga gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Drive ya DD imalemba mabiti 250,000 pa sekondi, zimene zikutanthauza mabiti 50,000, kapena mabayiti 6,250, pa mzere umodzi. Ya HD imalemba 500,000 pa sekondi, mabayiti 12,500 pa mzere. Tizizindikiro ta maginito tikayandikana chonchi timafufutana, n'chifukwa chake HD inafunika utoto wina, wopyapyala ndi wouma mtima, wosasintha msanga. Apa ndiye pamene pali kusiyana kwenikweni kwa disiketi yeniyeniyo. Kwina konseku ndi nzeru za makina.

Yachitatu ndi momwe mabiti amasandutsidwira zizindikiro. Mutu sumva 0 kapena 1, umangomva pamene maginito atembenuka, ndiye pamafunika njira yosungira nthawi kuti makina asasokonezeke ma 0 akatsatizana. Kalembedwe ka FM, ka madisiketi a mainchesi 8 a IBM 3740 a mu 1973, kankaika chizindikiro cha nthawi patsogolo pa biti iliyonse, theka la malo n'kuthera pamenepo. MFM inabwera n'kumaika chizindikirocho pokhapokha ma 0 awiri atatsatizana, ndipo malo anawirikiza kawiri. Apple ndi Commodore anatenga njira ina, GCR, yosandutsa kagulu ka mabiti kukhala kagulu kotalikirapo kopanda ma 0 ambiri otsatizana. Disk II, drive ya Apple imene Steve Wozniak anapanga mu 1978, inayamba ndi zigawo 13 pa mzere, ndipo atakonza kasandutsidweko zinafika 16, malo n'kufika 140 KB, drive ili yomweyo.

Yachinayi, imene anthu ambiri saidziwa, ndi mipata. Pa mabayiti 6,250 a mzere wa DD, mafayilo anu amatenga 4,608 okha. Pa 12,500 a HD amatenga 9,216. Otsalawo, oposa gawo limodzi mwa magawo anayi, amapita ku adiresi ya chigawo chilichonse, nambala yotsimikizira kuti zawerengedwa bwino, ndi mipata yopanda kanthu pakati pa zigawo. Mipatayi si kuwononga malo. Drive yanu ndi ya mnzanu sizizungulira pa liwiro lofanana ndendende, ndipo ikamalembanso chigawo chimodzi pakati pa mzere imatha kupitirira pang'ono. Mpata ndi umene umateteza chigawo chotsatira. Bokosi likalembedwa kuti 2 MB, likunena malo onse disiketi isanafomatidwe.

Yotsiriza imachokera pa mfundo yoti mzere wakunja ndi wautali kuposa wamkati. IBM inaika zigawo zofanana paliponse, choncho kunja malo amangokhala. Drive ya Commodore 1541 inkaika zigawo 21 kunja, kenako 19, 18 ndi 17 mkati, zonse 683 za mabayiti 256, pafupifupi 170 KB pa mbali imodzi ya mizere 35 yokha. Macintosh ya 1984 inkasintha liwiro la mota, pang'onopang'ono kunja ndi mofulumira mkati, n'kuika zigawo 12, 11, 10, 9 ndi 8 m'magulu a mizere 16. Zinapereka 400 KB pa mbali imodzi, ndi 800 KB pa mbali zonse kuyambira 1986.

Tsopano tiyeze njira zimene zilipo.

720 KB, disiketi ya DD

*Mtengo.* Imakwera kuposa ya HD ngakhale ndi yaing'ono, chifukwa zatsala zochepa ndipo eni makiyibodi, makina opeta ndi makompyuta akale onse akulimbirana zomwezo.

*Kupezeka.* Muizindikire ndi maso: ili ndi bowo limodzi, lija lokhala ndi kotsekera koletsa kulemba. Ya HD ili ndi mabowo awiri ndi chizindikiro cha HD pafupi ndi chitseko chachitsulo. Ma drive ambiri a USB amawerenga 720 KB koma si onse, ndiye funsani musanagule. Kuyambira Windows XP, 720 KB sioneka pa zosankha zofomatira, koma mukalemba format a: /t:80 /n:9 pa Command Prompt imafomata, drive ikakhala yololera.

*Kasamalidwe.* Ndi yopirira. Mabiti ake ndi otalikirana, choncho kafumbi kamodzi kapena mutu wotopa sizisokoneza msanga. Dziwani kuti pakhomo penipeni pa disiketi, musanapange mafoda, pamalowa mafayilo 112 okha. Woimba amene ali ndi timasitayelo ting'onoting'ono amatha kuuzidwa kuti disiketi yadzaza malo akadalipo, ndipo makiyibodi ena akale saona za m'mafoda.

*Zoopsa.* Choopsa chachikulu ndi njira yachidule imene aliyense amaidziwa: kumata selotepi pa bowo lachiwiri la HD kuti makina aione ngati DD. Nthawi zambiri zimagwira, chifukwa pa madisiketi a 3.5 utoto wa DD ndi wa HD sunasiyane kwambiri. Koma drive ya DD imalemba ndi mphamvu yoyenera utoto wina, ndipo ngati disiketiyo inafomatidwa kale ngati 1.44 MB, zotsalira zakale zingakhale pansi pa zatsopano. Patani imatuluka bwino lero, pakatha miyezi ingapo n'kuyamba kukana. Ndingailole pa kunyamula fayilo kuchoka pa kompyuta kupita pa makina tsiku lomwelo. Kusungirapo kope lokhalo la ntchito, ayi. Selotepiyo ikhale yosaonekera mkati, chifukwa ma drive ena amaona bowo ndi kuwala. Njira yobwerera, yoboola DD kuti ikhale HD, ndi yoipa kuposa pamenepa.

1.44 MB, disiketi ya HD

*Mtengo.* Ndi yotchipa kuposa zonse, disiketi ndi drive yomwe.

*Kupezeka.* Inatchuka ndi makompyuta a IBM PS/2 a mu 1987 ndipo inalamulira kwa zaka zoposa khumi, mpaka Apple inatulutsa iMac yopanda drive mu 1998 ndipo ena anatsatira. Apple yomweyo inali itayamba kale kugwiritsa ntchito 1.44 MB ya MFM mu 1988, ndiye disiketi ya HD ya Macintosh drive wamba imaiwerenga, pangofunika pulogalamu yomva kasanjidwe ka mafayilo a Apple. Drive iliyonse ya USB imawerenga 1.44 MB. M'masitolo ogulitsa za kompyuta zakale ndi m'makabati a maofesi ndi momwe mungaipeze msanga.

*Kasamalidwe.* Mukachotsa malo a kaundula wa mafayilo mumatsala ndi mabayiti 1,457,664, ndipo pakhomo pamalowa mafayilo 224. Disiketi yakale musanaiike m'makina, kankhani chitseko chachitsulo, zungulitsani kachitsulo kapakati ndi chala, muyang'ane pa kuwala. Mukaona timadontho toyera kapena totuwa, chimenecho ndi chuku, ndipo chikalowa m'makina chimamatirira pa mutu n'kukanda disiketi iliyonse yotsatira. Mukamva kulira ngati kukwecha, tulutsani pomwepo, utoto ukusupuka. Mutu amaupukuta ndi kathonje konyowetsa mu isopropyl. Nyengo ya dzinja m'mbali mwa nyanja, kapena kutentha kwa ku Chikwawa ndi Nsanje, zimafulumizitsa zonsezi, choncho sungani m'bokosi lotseka bwino pamalo ozizira. Oimba asaike madisiketi pamwamba pa sipika, muli maginito amphamvu.

*Zoopsa.* Madisiketi a HD a zaka zotsirizira, pamene mitengo inagwa, ambiri amene amapulumutsa mafayilo akale amawadandaula kuti anapangidwa mosasamala kuposa a poyamba. Iliyonse muifomate mokwanira, osati mwachangu, kuti zigawo zoonongeka zionekere. Ikaonetsa ngakhale chimodzi, itayeni. Magetsi akathima makina ali mkati molemba, kaundula amatha kuonongeka ndipo mafayilo onse amasowa nthawi imodzi.

1.68 MB, 1.84 MB ndi 2.88 MB: kufinya malo owonjezera

DMF ya Microsoft imaika zigawo 21 m'malo mwa 18 pa disiketi wamba ya HD, n'kufika 1,680 KB. Imatero pochepetsa mipata ija. Windows 95 inagulitsidwa pa madisiketi 13, ndipo kalembedwe kameneka ndi kamene kanathandiza kuti asachuluke. IBM inali ndi yake, XDF, ya pa OS/2 Warp ndi PC DOS 7, imene inasakaniza zigawo zazikulu ndi zazing'ono mumzere umodzi n'kufika pafupifupi 1,840 KB. Chigawo chikakula, maadiresi ndi mipata zimachepa. Ya 2.88 MB, yotchedwa ED, ndi nkhani ina: utoto wa barium ferrite, mabiti 1,000,000 pa sekondi, zigawo 36, ndipo inapezeka pa makompyuta a NeXT ndi ma PS/2 ena.

*Mtengo.* DMF ndi XDF sizifuna disiketi yapadera, pulogalamu yofomatira yokha. ED imafuna disiketi yake ndi drive yake, zonse zodula.

*Kupezeka.* Ma drive ambiri a USB safomata DMF, ndipo ena saiwerenga n'komwe, chifukwa kalembedwe kamene amadziwa kanaikidwa kale mkati mwawo. Pamafunika kompyuta yakale yokhala ndi drive yamkati. ED sinafale, ndipo kuipeza n'kovuta.

*Kasamalidwe.* Muyenera kulemba pa lebulo kuti disiketiyi ndi ya kalembedwe kotani, apo ayi inu nomwe mudzaiyesa yoonongeka. DMF imalola mafayilo 16 okha pakhomo.

*Zoopsa.* DMF anaipangira kugawa mapulogalamu: kulemba kamodzi ku fakitale, kuwerenga kunyumba. Mukamalembapo tsiku ndi tsiku, pa ma drive osiyanasiyana, mwachotsa chitetezo chimene mipata inkapereka. Kiyibodi kapena makina opeta sangaimve n'komwe. Zimandipweteka kuona munthu akuika ntchito yake pangozi chifukwa cha 240 KB, pamene fulashi yotchipa kwambiri imanyamula madisiketi masauzande.

Makina okhala ndi kalembedwe kawokawo

Amiga imapeza 880 KB pa DD chifukwa silemba chigawo chimodzichimodzi. Imawerenga mzere wonse, n'kuulembanso wonse, choncho mipata pakati pa zigawo siifuna ndipo imalowetsa zigawo 11. Makiyibodi a Ensoniq amaika zigawo 10 n'kufika 800 KB. Ma sampler a Akai, makina ojambula mawu n'kumawaimbanso, amagwiritsa ntchito zigawo za mabayiti 1,024, zisanu pa DD ndi khumi pa HD, zimene zimapereka 800 KB ndi 1,600 KB. Ku Japan, makompyuta a NEC PC-98 ankalemba disiketi ya 3.5 pa maulendo 360 pa mphindi, mizere 77, zigawo 8 za mabayiti 1,024, ndipo makina ena a m'mafakitale ochokera kumeneko anatengera zomwezo. Amene anagula makina ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan aone bwino mfundo imeneyi.

*Mtengo.* Disiketi ndi wamba, DD kapena HD. Ndalama imapita pa chida chowerengera.

*Kupezeka.* Drive ya USB siwerenga Amiga, ndipo siwerenga Macintosh ya 400 KB kapena 800 KB. Ya ku Japan imafuna drive yotchedwa 3-mode. Chida chimene chimathetsa zonsezi ndi chija chosamasulira kanthu, chongojambula kutembenuka kwa maginito momwe kulili, kumasulira n'kusiyira pulogalamu. Greaseweazle ya Keir Fraser ndi yotchipa ndipo mapulogalamu ake ndi aulere. Palinso KryoFlux ndi SuperCard Pro. Zonse zimalumikiza drive wamba yamkati ku kompyuta ya masiku ano, ndipo nthawi zambiri muyenera kuitanitsa kunja.

*Kasamalidwe.* Fomatani disiketi pa makina eni akewo, osati pa kompyuta.

*Zoopsa.* Apa ndi pamene mafayilo ambiri amafera. Mukaika disiketi ya Akai kapena Amiga mu kompyuta ya Windows, imakuuzani kuti disiketiyi sinafomatidwe, n'kufunsa ngati mukufuna kuifomata. Disiketi ilibe vuto, kompyutayo ndi imene sikumva chilankhulo chake. Mukavomera, mawu onse amene woimba anasonkhanitsa zaka zambiri apita. Musanaike disiketi yakale iliyonse ya 3.5 m'makina achilendo, tsegulani kabowo koletsa kulemba kuti kuwala kuzidutsa.

Mainchesi 5.25: 360 KB ndi 1.2 MB

*Mtengo.* Drive yogwira ntchito ndi yodula, ndipo imafuna magetsi a 12V ndi 5V, pamene ya 3.5 imakhutira ndi 5V.

*Kupezeka.* Drive wamba ya USB ya kukula uku kulibe. Njira ndi kompyuta yakale kapena Greaseweazle.

*Kasamalidwe.* Chikwama chake n'chofewa ndipo pali zenera losatseka, ndiye chala chimodzi pa zeneralo chimasiya mafuta. Lebulo muilembe musanaimate.

*Zoopsa.* Ya 1.2 MB inabwera ndi IBM PC/AT mu 1984: mizere 80, zigawo 15, maulendo 360 pa mphindi. Utoto wake umafuna mphamvu ya maginito yowirikiza kawiri, 600 oersted poyerekeza ndi 300 ya DD, choncho pano kusinthanitsa sikugwira ngati pa 3.5. Drive ya 360 KB singalembe bwino pa HD. Palinso msampha wina. Drive ya 1.2 MB imawerenga disiketi ya 360 KB popanda vuto, koma mutu wake ndi wopyapyala. Ikalembapo, imasiya kamzere kowonda pakati pa mzere wakale wotakata, zakale n'kutsala m'mbali. Mukaibweza mu drive ya 360 KB, mutu wake wotakata umamva zatsopano ndi zakale pamodzi, n'kusokonezeka. Drive ya 1.2 MB muigwiritse ntchito powerenga pokha.

Kuchotsa disiketi, kuika Gotek

Gotek ndi kabokosi kolowa pamene panali drive, kolumikizidwa ndi chingwe chomwecho, koma kamawerenga fulashi. Makina amaganiza kuti akulankhula ndi disiketi. Fulashi imodzi imasunga makope a madisiketi mazanamazana, ndipo mumasankha ndi mabatani.

*Mtengo.* Mumalipira kamodzi, kuphatikiza wokonza amene adzaikemo. Kwa amene amagwiritsa ntchito makina tsiku lililonse imabweza ndalama yake msanga.

*Kupezeka.* Imagulitsidwa pa intaneti, ina ya 720 KB, ina ya 1.44 MB. Pulogalamu yake ya ku fakitale imadziwa kalembedwe ka IBM kokha. Mukaikamo FlashFloppy, imene ndi yaulere, kapena HxC, imamvanso Amiga, Akai, Ensoniq ndi zina. Tsegulani makina muone chingwe musanaitanitse: cha kompyuta chili ndi mapini 34, koma makiyibodi ena ali ndi chopyapyala cha 26 kapena china chapadera chofuna adaputa.

*Kasamalidwe.* Mulibe lamba woti asungunuke ngati m'ma drive ena a makiyibodi, mulibe mutu woti mupukute. Ntchito yanu ndi kusunga kope la fulashiyo pa kompyuta.

*Zoopsa.* Malo sawonjezeka. Makina a 720 KB adzaonabe 720 KB pa kope lililonse, ngakhale fulashi ikhale ya 16 GB, ndipo liwiro ndi lakale lomwe. Kulumikiza chingwe cha magetsi mozondoka kumawotcha Gotek, mwinanso bolodi ya makina. Ndipo nyimbo zonse zikakhala pa fulashi imodzi, kuitaya ku ukwati Loweruka ndi kutaya zonse.

Nanga inu mutenge iti?

Ngati muli ndi kiyibodi ya tchalitchi kapena ya bandi imene imalandira HD ndipo drive yake ikugwirabe, khalani pa 1.44 MB wamba, gulani drive ya USB, ndipo chilichonse chili pa disiketi chikhalenso pa kompyuta. Drive ikayamba kukana madisiketi amene kale inkawawerenga, musawononge ndalama kusaka ina yakale, ikani Gotek.

Ngati muli ndi makina opeta a 720 KB ndipo ndi amene amakudyetsani, musadikire kuti afe. Ikani Gotek ya 720 KB tsopano, drive yakaleyo muisunge m'kabati. Pamene mukudikira kuti ifike, gulani ma DD enieni ochepa. Selotepi pa HD ikhale ya tsiku limene mwapanikizika ndi oda, patani yeniyeni ili pa kompyuta.

Mwini sampler ya Akai kapena Ensoniq, kapena Amiga, asankhe Gotek ya FlashFloppy kapena HxC, koma ayambe wajambula madisiketi ake onse ndi Greaseweazle asanachotse drive.

DMF ndi XDF ndi za munthu mmodzi yekha: amene akukonzanso kompyuta yakale ndipo akufuna kupanga madisiketi oikira Windows 95 kapena OS/2 monga analili. ED ndi ya amene ali kale ndi makina ake.

Amene wapeza katoni ya madisiketi osadziwika, a 3.5 kapena 5.25, asagule disiketi iliyonse ndipo asafomate kanthu. Asiyanitse achuku ndi abwino, ateteze onse kuti asalembedwe, kenako ajambule iliyonse ndi Greaseweazle, kuyambira imene akuiona kuti ndi yofunika kwambiri, chifukwa disiketi yofooka nthawi zina imalola kuwerengedwa kamodzi kokha. Ya 5.25 aiwerengere mu drive ya 1.2 MB, imene imafika pa mizere 40 ndi 80 yomwe.